Pampu ya maginito pa juwisi wotentha: siidontha, koma imafuna kuimvetsa

Ndimapanga juwisi wa malambe ndi wa bwemba kuno ku Matawale. Pampu iyi ndinagula ku Limbe kuti izichotsa juwisi mumphika wowiritsira kupita ku thanki yothirira m'mabotolo. Ndi yaing'ono, mutu wake ndi wa stainless steel, ndipo imayenda pa magetsi athu a 230V.

Chomwe ndinaigulira ndachipeza: siidontha. Pampu yanga yakale inali ndi sili yotseka mpata pa shafuti (mtanda wochokera ku mota), juwisi wotentha ankaidya, pansi nyerere zokhazokha. Iyi ilibe sili. Mota imazungulitsa maginito akunja, iwo n'kumakoka ena amene ali mkati pamodzi ndi impela (kagudumu ka mapiko kokankha madzi), ndiye palibe polowera shafuti poti madzi angatulukire.

Koma amene mukufuna kugula, dziwani kuti siikoka madzi yokha kuchokera pansi. Iikeni m'munsi mwa mphika kuti juwisi azidzaza mutu wake musanayatse. Ndipo musaiyendetse youma ngakhale pang'ono, chifukwa mabushi ake (timphete timene impela imazungulirapo) amazizira ndi kuterera ndi madzi omwewo akupopedwawo.

Vuto limene linandidya mutu ndi phokoso. Juwisi akayandikira kuwira, pampu inkalira ngati yameza timiyala, kutuluka kwake n'kumadukizadukiza. Bambo wina wokonza mapampu ku Chinamwali atamvetsera anangoti, "Mayi, pampu ili bwino, ikumeza nthunzi." Pakhomo pa impela mphamvu yopanikiza madzi imatsika, ndiye madzi otentha kale amasanduka thovu pomwepo. Kuno ku Zomba n'kokwera, madzi amawira asanafike madigiri 100, pafupifupi 97, ndipo okhala pamwamba pa phiri kwawo amawira msanga kuposa pamenepa. Tinafupikitsa paipi yolowera, kuika yonenepa, kutsegula valavu yake yonse, n'kumachepetsa liwiro ndi valavu yotulukira yokha. Ndimadikiranso kuti juwisi atsike kufika cha m'ma 80. Phokoso linatha.

China chosokoneza: nthawi zina mota imalira bwinobwino koma osatuluka kanthu. Apo ndiye kuti maginito akunja ndi amkati atayana, kawirikawiri chifukwa juwisi walimba kwambiri kapena ulusi wa malambe wakola impela. Sagwirananso mota ikuyenda. Zimitsani, idikireni iime, chotsani chakolacho, muyatsenso. Kuisiya ikulira choncho kumatenthetsa maginito, ndipo akafooka ndi kutentha sabwereranso. Masiku ano ndimasefa kawiri. Potsuka yang'ananinso tizidutswa ta dzimbiri, timakakamira pa maginito n'kumakanda mkati.

Chondinyansa ndi ogulitsa. Nditafunsa kuti maginito ake ndi a mtundu wanji, anangoti "ndi original". Funsoli n'lofunika: a neodymium wamba amayamba kufooka cha pa madigiri 80, pomwe a samarium cobalt amapirira kutentha kwambiri. Ndinachita kudziwerengera ndekha pa kapepala ka m'bokosi malire a kutentha. Impela ndi mabushi osinthira alibenso, akuti mpaka aitanitse ku Johannesburg.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Kwa opopa madzi otentha, mkaka kapena juwisi wosefa bwino, gulani, koma muitanitsiretu impela yapadera tsiku lomwelo. A thobwa musayese, ndi lolimba kwambiri pa pampu yotere.