Njinga ya m'tinjira ta m'paki patatha miyezi 8: belu laposa shoko

Nditangoigula njingayi ndinalemba zoitama mopitirira muyezo. Inali isanathe ndi sabata ziwiri zomwe, koma ndinali nditagoma kale ndi shoko ya kutsogolo (chipangizo chochepetsa kunjanja pa mabampu), magiya 12 a kumbuyo, mpaka utoto. Lero utotowo wapalika pamene chidendene chimakhula, ndipo maganizo anga nawo asintha.

Kwa amene simukuidziwa, felemu yake ndi ya aluminiyamu, shoko ili kutsogolo kokha, matayala ndi a mainchesi 29 opanda chubu, mabuleki ndi a disiki oyendera oyilo. Ndinaigulira tinjira ta m'nkhalango ya m'paki ya mumzinda, momwe ndinali nditayendamo wapansi kwa zaka zambiri. Si mapiri enieni ayi. Ndi titunda tifupitifupi, mizu mbwee, kamtsinje kokhala ndi mlatho wa matabwa, ndi anthu oyenda ndi agalu awo pokhota paliponse. Ndimapalasa katatu pa sabata.

Mwezi woyamba wonse ndinkapopa matayala mpaka gwa, 40 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala), ngati ndikupita pa msewu wa phula. Pa mizu njinga inkangonjanja, manja n'kuchita dzanzi, ine mlandu n'kumaimba shoko. Tsiku lina ndikupuma pa mlatho paja, bambo wina wachikulire, nayenso wa njinga, anafinya tayala langa ndi chala chachikulu n'kupukusa mutu. "Aphwanga, ili ndi tayala kapena mwala? Tatulutsaniko mpweya." Ndinatsitsa mpaka 24 kutsogolo ndi 27 kumbuyo, ndipo zinali ngati ndagula njinga ina. Tayala lofewa limaukumbatira muzu m'malo moudumpha, ndipo pokhota limagwira nthaka. Mmene mulibe chubu, palibenso mantha oti limu itsina chubu n'kuiboola. Manambalawa ndi a thupi langa. Wolemera kuposa ine awonjezereko.

Matayala opanda chubu amadalira timadzi tomata timene timathiridwa mkati, kuti minga ikabaya, bowo lidzitseke lokha. Miyezi inayi sindinaphwetsepo, mpaka ndinaiwala zoti timadzito tilimo. Mwezi wachisanu tayala la kumbuyo linangoti fwaa, ndili kutsidya kwenikweni kwa nkhalango. Kunyumba nditalitsegula ndinapezamo kachibulumwa kouma ngati chingamu chotafunidwa kale. Timadzito timauma, ndipo pano ndimayang'anamo miyezi itatu iliyonse. Tsikulo ndinakankha njinga pafupifupi ola lathunthu, ana akundipitirira pa tinjinga tawo.

Kugwa ndagwa kamodzi, pa muzu wonyowa. Ndinaupita cham'mbali, chala chili pa buleki ya kutsogolo, ndipo ndisanadziwe n'komwe ndinali khapa m'masamba, phewa likuwawa. Helemeti inang'aluka pang'ono chakumanzere, ndinagula ina, chifukwa yomenyedwapo kale siidaliridwanso. Muzu wonyowa umafuna kuudutsa molunjika, mabuleki utawasiya.

Tcheni ndinasintha mwezi wachisanu ndi chiwiri, kachitsulo koyezera katasonyeza kuti latanuka ndi 0.5 peresenti, pomwe ndi pa malire kwa njinga za magiya 11 kapena 12. Ukachedwa, tcheni lotha limadya mano a magiya, ndiye umagula zonse. Mapadi a mabuleki amene inabwera nawo anatha msanga ndi matope, n'kuyamba kulira ngati nkhumba. Ndinaikamo achitsulo, aphokoso pang'ono koma olimba. Mapedulo apulasitiki ankaterera nsapato ikanyowa, ndinawataya sabata yachitatu. Shoko ija ikugwira bwino, koma buku lake limati izitsegulidwa n'kuthiridwa oyilo watsopano ikagwira maola 50 aliwonse, ndipo pa titunda ta m'paki sindinaimalizepo mpaka pansi. Pa magiya 12 aja, amene ndimagwiritsa ntchito sapitirira sikisi.

Chimene chasintha kapalasidwe kanga koposa zonsezi ndi belu, lomwe njingayi sinabwere nalo n'komwe. Pamene ndinali woyenda wapansi, apanjinga ankandinyansa: umangomva mphepo kukhosi, munthu wadutsa kale. Mwezi wachiwiri ndinapezeka kuti ndine ndikuchita zomwezo. Ndikutsetsereka pokhota pamene pali chitsamba, ndinangoona mayi wina ali ndi mwana kudzanja, galu uko, chingwe chitapingasa njira. Mabuleki anagwira, ndiwayamike, koma mmene mayiyo anandiyang'anira ndinachita manyazi tsiku lonse. Bungwe la IMBA, la okwera njinga za m'mapiri a m'maiko osiyanasiyana, lomwe linayamba mu 1988, lili ndi malamulo osavuta: wapanjinga apatukire woyenda wapansi, ndipo wotsetsereka apatukire wokwera chitunda, poti iyeyo akaima kuyambiranso n'kovuta. Belu ndimaliza ndikadali patali, kamodzi kokha, kenako moni. Ukaliza uli kale kumsana kwa munthu, amadzidzimuka n'kulumphira mbali yomwe umafuna kudzera. Ovala zomvera nyimbo m'makutu, amenewo belu silithandiza, umangotsatira pambuyo mpaka atacheuka.

Mvula ikagwa usiku, njinga ndimaisiya. Tayala limasiya kangalande m'matope, madzi n'kumatsata momwemo mpaka njira itakumbika. Ena pothawa chithaphwi amalambalala m'mbali, ndipo kanjira kamene kanali kokwana munthu mmodzi pano m'malo ena ndi kotambalala moti atatu angayende moyandikana. Ndi bwino kungodutsa pakati penipeni. Masiku oterewa ndimavala nsapato zolimba n'kuyenda, ndipo ndi pamene ndinaona kuti mtengo wogwa umene ndinkangoudutsa liwiro uli ndi bowa wofiirira kunsi kwake konse, komanso kuti gogomole amene ndimamumva m'mawa ali ndi mphako pamwamba pa mlatho pomwepo.

Kugulanso ndingagule, koma ndikanadziwa ndikanatenga yotsikirako, ndalama yotsalayo n'kuika pa matayala abwino, mapedulo achitsulo ndi pampu yosonyeza mpweya. Pakali pano tayala la kumbuyo latha pakati, layamba kuterera pokwera chitunda cha kuseri kwa kamtsinje, pomwe la kutsogolo likadali ndi mano ake onse.