Katiriji ya turbo ya Hilux 3.0 D-4D yogula ku Limbe: nyenyezi zitatu, ziwiri zasowazo wadya ndi wogulitsa

Katiriji yoyamba yomwe ndinagula inafa isanakwanitse makilomita 300. Katiriji ndi chitsulo cha pakati pa turbo, chokhala ndi shafiti, mabering'i ndi mapiko okankha mpweya wolowa mu injini. Galimoto yake ndi Hilux ya injini ya 1KD-FTV, ya malita atatu ija, ndipo katirijiyo ndi imodzi mwa zija zosakhala za Toyota zomwe anthu tathamangira chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pamene turbo yathunthu inasanduka chinthu chongofunsa mtengo n'kutuluka m'shopu mwakachetechete.  Katirijiyo inayamba kulira ngati sayirini ya ambulansi pa Chipembere Highway, kenako utsi wabuluu kumbuyo, mphamvu n'kuthera pomwepo, nyali ya check engine n'kuyaka. Makina owerengera zolakwika anapereka P0299, kutanthauza kuti turbo sikukankha mpweya wokwanira.

Zomwe zinachitika pakauntala ndi zomwe zandilembetsa ndemangayi. Katiriji yakufayo inabwerera kushopu ili m'jumbo, lisiti lili m'manja. Mnyamata wa pakauntala jumboyo sanaitsegule n'komwe. Anangoikankha ndi chala ngati muli nsomba yovunda, n'kunena kuti, "Achimwene, za turbo sitibweza. Inu munamangitsa kwa amakaniko a pansi pa mtengo." Atafunsidwa kuti wadziwa bwanji asanaone chitsulocho, anayamba kutumikira munthu wina wofuna mabuleki. Bwana wake akuti anali ku banki, ndipo anakhala ku bankiko masiku atatu otsatizana. Mnyamata yemweyu ndi amene patsiku logula ananena kuti "ingomangani bwana, ndi yokonzeka kale," m'bokosimo mulibe gasiketi ngakhale imodzi, mulibe mawashala a paipi ya oilo, mulibe pepala losonyeza kuti shafiti inayesedwa balansi. Magasiketi akuti "bwerani mawa, katundu ali panjira kuchokera ku Johannesburg." Palisiti sanalembe nambala ya katunduyo kapena injini yomwe amagwira, ndiye ngakhale mutafuna kukadandaula kwina, pepalalo silikuthandizani. Munthu wogulitsa chitsulo chozungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, kudalira kadontho ka oilo, n'kulephera kunena chiganizo chimodzi chokha chakuti "yambani mwaona presha ya oilo," ameneyo akanagulitsa bwino matumba a simenti.

Koma chilungamo chinenedwe. Katiriji yakufayo itaphwasulidwa patebulo, mlandu wake unachepa. Turbo yakufa imadziulula yokha chomwe chaipha. Ikafa ndi fumbi kapena kanthu kolowera ku fyuluta ya mpweya, mapiko a kutsogolo amakhala odyeka m'mphepete kapena obenthuka. Ikafa ndi oilo wakuda wa timiyala, shafiti imakhala ndi mizere yokandika koma mtundu wake susintha. Iyiyi mapiko anali osalala bwinobwino, koma shafiti pomwe pamakhala mabering'i inali itasanduka yabuluu ndi kutentha, mkuwa wa bering'i utamatirira pachitsulo. Kumeneko n'kusowa oilo. Ngakhale turbo ya Toyota yeniyeni ikanafa chimodzimodzi, mwina mochedwerapo pang'ono, ndipo ndi zomwe zinapha turbo yoyambirira ija yomwe katirijiyi inabwera kudzalowa m'malo.

Vutoli pa 1KD ndi lodziwika. Pansi pa injector iliyonse, chitsulo chopopera dizilo m'silinda, pali washala amene amatseka kuti moto wa m'silinda usatulukire m'mbali. Ma injector a injiniyi ali mkati mwa chivundikiro cha mavalavu, momwe muli oilo. Washalayo akatopa, mpweya wamoto ndi mwaye zimakwera m'mbali mwa injector, n'kuwotcha O-ring, n'kulowa mu oilo. Oiloyo amapsa n'kukhala zibuma zakuda zolimba ngati phula la mumsewu, zibumazo zimatsikira mu sampu, beseni la oilo la pansi pa injini, n'kutseka sefa ya paipi yomwe pampu imakokera oilo. Turbo ndiyo imayamba kuvutika chifukwa paipi yake ndi yopyapyala, ndipo mukachedwa injini yonse imanoka. Nyali ya oilo musaidalire, imayaka presha itatsikiratu, zinthu zitaonongeka kale. Zizindikiro zake zoyamba ndi utsi woyera ndi kaphokoso kogogoda polizira m'mawa kukuzizira, monga m'miyezi ya Juni ndi Julayi ija, zomwe zimatha injini ikatentha, n'chifukwa chake ambiri amazinyalanyaza.

Kuona ngati sefayo yatsekeka sikufuna galaja. Khuthulani oilo, dikirani asiye kudontha, unikani ndi tochi pabowo lokhuthulirapo. Pa injiniyi sefa ili pamwamba pa bowolo, ndipo kakamera kaja kolumikiza ku foni kamaionetsa bwino kwambiri. Sefa yabwino imaoneka timabowo take. Ya galimotoyi inali yakuda bii, timabowo tochepa tokha m'mphepete ndi tomwe tinatsala. Kenako mangani geji pamalo pa switch ya oilo, injini itatentha: pa 3,000 rpm singano iyenera kufika pafupifupi 250 kPa kapena kuposa. Ikalephera, katiriji iliyonse yomwe mungamange mukungoiperekeza kumanda.

Ntchito yomwe inachitika katiriji yachiwiri isanalowe ndi iyi. Sampu inatsitsidwa, sefa n'kutsukidwa ndi dizilo ndi burashi mpaka kuwala kukudutsa, ngakhale kugula ina kuli bwino ngati mwaipeza. Ma injector onse anayi anatuluka, iliyonse italembedwa nambala ya silinda yake. Izi musaziphonye: injector iliyonse ili ndi code yake yomwe kompyuta ya galimoto inasunga malinga ndi silinda, ndiye mukazisakaniza injini imagogoda mpaka mutapeza makina olembera ma code aja. Pokhala washala paja papukutidwe mpaka chitsulo chioneke, osakanda ndi sikuludiraiva. Mawashala anayi atsopano, ma O-ring anayi, mawashala a paipi yobwezera dizilo, masilo a pomwe mapaipi amalowera m'chivundikiro, ndi gasiketi ya chivundikirocho. Apa pokha gulani za Toyota zenizeni. Ndi tizinthu totchipa poyerekeza ndi injini, ndipo washala wakale, ngakhale mutamuwotcha pamoto ngati amachitira ena ku Ndirande, sabwereranso m'malo. Mabawuti ogwira ma injector amangidwe ndi torque wrench pa 22 Nm, osati ndi mphamvu ya nsima. Oilo watsopano pafupifupi malita 7 pamodzi ndi fyuluta, ndipo oilo ameneyu akhuthulidwenso pakatha makilomita 1,000 chifukwa amatola zotsalira m'njira za oilo.

Paipi yopititsa oilo ku turbo isinthidwe. Mkati mwake mumauma makala omwe simungawaone, ndipo kupopera mpweya sikuwachotsa onse. Yobwezera oilo ku sampu nayo ikhale yotseguka, chifukwa ikatsekeka oilo amasowa kolowera n'kutulukira mbali ya utsi, inu n'kumati masilo a turbo yatsopano ndi achabechabe.

Kumanga katirijiko kuli ndi misampha yake. Musanalekanitse zigoba ziwiri zija, cha mpweya ndi cha utsi, lembani chizindikiro ndi maka kuti zibwerere momwe zinalili, apo ayi mapaipi sakumana. Turbo ya 1KD ili ndi timapiko tosuntha mbali ya utsi, toyendetsedwa ndi kamota ka magetsi. Timapikoti timagwidwa ndi mwaye. Titsukeni mpaka kamkono kake kaziyenda ndi chala chimodzi kuchokera mbali ina kufika ina popanda kukakamira. Kabawuti koimitsira kamkonoko musakakhudze, kanaikidwa ndi makina kufakitale, ndipo mukakasuntha turbo imakankha mopitirira kapena moperewera. Gwirani shafiti ya katiriji yatsopano musanaimange: kugwedera pang'ono m'mbali n'kwabwinobwino popeza mulibe oilo, bola mapiko asakhudze chigoba, koma kutsogolo ndi kumbuyo isamveke kusuntha, malire ake ndi osapitirira 0.1 mm. Silikoni pa magasiketi a oilo ayi, kachidutswa kamodzi kakathothoka kamatseka bowo. Thirani oilo woyera pabowo lolowera, zunguzani mapiko ndi chala, chotsani relay ya EDU, kabokosi ka magetsi koyendetsa ma injector, kuti injini isalire, pukusani sitata kwa masekondi 10 katatu mpaka nyali ya oilo izime. Bwezerani relay, lizani, isiyeni ingolira yokha mphindi 5 osaponda mafuta, kenako fufutani ma code omwe abwera chifukwa cha relay ija.

Intercooler, yomwe imaziziritsa mpweya wochokera ku turbo, itsitseni muikhuthule. Turbo yakufa imalavuliramo oilo, ndipo m'galimotoyi munatuluka wopitirira kapu ya tiyi. Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oilo wake womwe: ikamukoka kuchokera mu intercooler imathamanga yokha, kiyi mutazimitsa osaima, mpaka kuphwasuka. Zikakuchitikirani, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani giya yapamwamba n'kusiya kilatchi, kapena tsekani polowera mpweya ndi thabwa, osati ndi dzanja. Tsukani intercooler ndi mapaipi ake, ziume kaye musanabwezere.

Katiriji yachiwiri ndi ya mtundu womwewo, ya shopu yomweyo, chifukwa sabata imeneyo kwina kunalibe. Inagulidwa mtima ukuwawa, ndipo mnyamata uja anachita ngati sanandionepo. Pano yayenda makilomita opitirira 9,000. Oilo satsika pa dipisitiki, utsi palibe, paipi ya intercooler ili ndi kachinyezi ka oilo kochokera ku breather, paipi yopumira injini, komwe n'kachibadwa. Poyesa ndi makina, kumbukirani kuti Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndiye kiyi ili on injini isanalire, MAP sensor, yoyeza presha ya mpweya wolowa mu injini, iwerenga pafupifupi 90 kPa, osati 101 ya m'mabuku olembedwa kunyanja ya mchere. Ena aona 90 ameneyu n'kugula sensor ina pachabe. Mayeso enieni ndi chikweza chochokera ku Chikwawa kubwera m'tauni, galimoto itanyamula: presha ya mpweya inafika pafupi 200 kPa n'kukhazikika pamenepo, osadumphadumpha, nyali osayaka. Pa ndalama yake, sindingainyoze.

Zofooka ilinazo. Ikamayamba kukankha cha m'ma 1,800 rpm imaliza kalikhweru komwe turbo ya Toyota inalibe, ngakhale sikanakule m'miyezi yonseyi. O-ring ya chigoba cha mpweya yomwe inabwera nayo inali youma ngati pulasitiki, inasinthidwa isanamangidwe. Ndipo popanda pepala la balansi mukugula mwachikhulupiriro, bokosi lina likhoza kukhala losiyana ndi linzake.

Musanapite n'komwe ku Limbe, tsimikizani kuti turbo ndiyo yafadi, chifukwa pakauntala paja aliyense wonena kuti galimoto yafooka amamutulutsira bokosi lomweli. Paipi ya mpweya yong'ambika pansi pa kilampu imapereka P0299 yemweyo, pamodzi ndi utsi wakuda ndi phokoso la mpweya wothawa, ndipo pong'ambikapo pamakhala ponyowa ndi oilo. Kafyuluta kakang'ono ka pa paipi ya MAP sensor kakatsekeka ndi mwaye, kompyuta imawerenga zabodza n'kuchepetsa mafuta. EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, ikakakamira potseguka imafoola galimoto ponyamuka. Ndiye pali dizilo wa m'zigubu amene tonse tinamwetsa magalimoto nthawi ya mizere pa mafilling station: madzi ndi zinyalala zake zimatseka fyuluta ya mafuta n'kukanda SCV, kavalavu ka pa pampu ya Denso kolamulira mafuta olowa. SCV yotopa imazimitsa injini pamaloboti kapena kuifoola mwadzidzidzi mukuponda, mukazimitsa n'kulizanso n'kukhala bwino kwakanthawi. Pa makina muona presha ya mu rail, chipaipi chogawira dizilo ku ma injector, ikuvinavina m'malo mokhazikika pakati pa 30 ndi 40 MPa injini ikungolira yokha.  Chenjezo limodzi pa mapaipi a rail: musamasule injini ikulira kapena kufufuza kudontha ndi chala, dizilo wa presha imeneyo amaboola khungu.

Ngati mwaganiza zogula kushopu imeneyi, tsegulani bokosi pakauntala pomwepo, zunguzani shafiti, werengani zomwe zilimo, ndipo muwaumirize alembe nambala ya katundu ndi dzina la injini palisiti. Magasiketi kagulirenitu kwina. A ku Johannesburg aja ndinafunsanso mwezi watha, akadali panjira.