PhD ya Descartes, Hume ndi Kant: ku Britain kapena ku America?

Ngati mukufuna kudzaphunzitsa filosofi ya zaka za m'ma 1600 ndi 1700, pamodzi ndi aesthetics, phunziro la kukongola ndi luso, kusankha dziko si nkhani ya kutchuka kwa yunivesite ayi. Funso ndi lakuti mwakhwima kale pa maphunziro kapena simunakhwime.

Ku Britain PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi. Mumalowa muli ndi masitala ndiponso proposal yomveka ya kafukufuku wanu, ndipo kuyambira pamenepo ndi inu ndi supervisor wanu basi, makalasi ndi ochepa. Kumapeto mumapereka thesis ya mawu pafupifupi 80,000, kenako viva, mayeso apakamwa oteteza thesis yanuyo. Vuto limabwera pa zilankhulo. Descartes analemba m'Chilatini ndi m'Chifalansa, Leibniz anawonjezerapo Chijeremani, ndipo Baumgarten, amene anayambitsa liwu lakuti aesthetics mu 1735, analemba m'Chilatini. Kwa wofika wopanda Chilatini, chaka choyamba chimathera pa galamala, ndalama zikutha mutu woyamba usanalembedwe. Koma ngati mtima wanu uli pa Hutcheson kapena Hume, mulibe nkhawa imeneyi, chifukwa zolemba zawo zazikulu zili m'Chingelezi.

Ku America ndi zaka zisanu kapena kuposerapo. Ziwiri zoyamba mumakhala m'kalasi, kuphunzira logic, ethics ndi zina, mutu wa kafukufuku n'kusankha pambuyo. Madipatimenti ambiri amachotsa fizi, amapereka ndalama zodyera, inu n'kumathandiza kuphunzitsa. Mafomu amatseka mu Disembala kapena Januwale, ndipo chimene amachiyang'anitsitsa ndi writing sample, nkhani ya filosofi yolemba inu nokha ya masamba 15 mpaka 25. Mungagwe potumiza mbiri ya moyo wa Kant m'malo mwa mfundo imodzi yotsutsidwa ndi kutetezedwa bwino.

Tsopano za ntchito. Tsegulani PhilJobs, webusaiti yolengeza ntchito za filosofi, muone mizere iwiri, AOS ndi AOC: gawo limene ndinu katswiri, ndi magawo amene mungathe kuphunzitsa. Malo ofuna aesthetics yokha ndi ochepa kwambiri, pomwe kosi yoyambira Descartes mpaka Kant imaphunzitsidwa pafupifupi m'dipatimenti iliyonse. Choncho early modern, filosofi ya zaka za m'ma 1600 ndi 1700 ija, ikhale AOS, aesthetics ibwere pambuyo pake, kapena zilumikizeni ndi mutu ngati maganizo a Hume a mu 1757 pa muyezo woweruzira kukongola.

Ife timakondera America kwa aliyense amene sanakhwime pa zilankhulo, chifukwa imapatsa nthawi ndi luso lophunzitsa. Britain ndi ya amene mutu ali nawo kale m'manja, ndipo wapeza womulipirira fizi ya ophunzira akunja.