Alamu ya carbon monoxide m'vani yogonamo: zimene ndaona nyengo yozizira itadutsa

Alamu yathu yochenjeza za carbon monoxide, mpweya wapoizoni wosaoneka ndi wosanunkha, yakhala pakhoma la vani kuyambira mu Okutobala, ndipo yapirira chisanu cha ku Lake District, mvula ya ku Wales ndi usiku wautali wa kumapiri a Scotland. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, ka batire yomatira mkati, kokhala ndi sikirini yoonetsa manambala. Nditati ndigulenso lero ndingatenge yomweyi, makamaka chifukwa cha sikiriniyo.

Pogula, tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. EN 50291-1 ndi muyezo wa alamu ya m'nyumba. Ya m'vani, m'kalavani kapena m'boti iyenera kukhalanso ndi EN 50291-2, chifukwa imayesedwa ngati ingapirire kugwedezeka kwa paulendo. Muyezowu ndi umene umanenanso nthawi yolira, ndipo apa m'pamene ambiri amadabwa: alamu silira mpweya ukangoyamba. Pa 50 ppm (magawo 50 a carbon monoxide pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wamba) imadikira mphindi 60 mpaka 90, pa 100 ppm mphindi 10 mpaka 40, ndipo pa 300 ppm iyenera kulira mphindi 3 zisanathe. M'nyumba yaikulu zimenezi n'zomveka. M'vani, momwe chitofu, bedi ndi mutu wa mwana zili mikono iwiri yokha kutalikirana, ine ndimafuna kuiona nambala ikangoyamba kukwera.

Chimene tinkachiopa kwambiri ndi hita ya dizilo, popeza imayaka usiku wonse ife tili m'tulo. Koma hita yoikidwa bwino imayatsira moto wake m'chipinda chotsekeka, imakoka mpweya panja n'kutulutsira utsi pansi pa galimoto. Miyezi yonseyi sikirini yakhala pa 0 hita ikuyaka. Chimene chimakweza nambala ndi kuphika. Kunja kukugwa mvula, zitseko zonse zotseka, poto wamkulu wa nsima atakwirira moto wa gasi, mumaona lawi likusiya kukhala la buluu n'kuyamba chikasu m'mbali, kenako nambala n'kuyamba kukwawa. Alamu ili chete, m'mphuno simukumva kanthu, koma mpweya ulimo. Tikatsegula zenera la padenga ndi lina la m'mbali, imatsika pang'onopang'ono mpaka kubwerera pa 0. Panopa mai a kunyumba sayatsa chitofu asanatsegule padenga, ngakhale kuzizire bwanji, ndipo palibe amene anawalalikira. Anadzionera okha pa sikirini.

Nambala inakweranso tsiku lina pamalo ogona a apaulendo, pamene vani yoimika pafupi nafe inasiyidwa ikulira nthawi yaitali, mphepo ikukankhira utsi kwathu. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana kumene paipi ya utsi ya mnzanga yaloza ndisanaimike.

Kulira kwenikweni inalira usiku wina titalumikiza vani ku magetsi a pamalopo, chitofu ndi hita zonse zili zozima. Tinatuluka ndi ana n'kusiya zitseko pululu. Pofufuza tinapeza batire yoyatsira magetsi a mkati itatentha kwambiri, ikununkha ngati dzira lovunda. Batire ya asidi ikamatha kapena ikadzazidwa mopitirira imatulutsa hydrogen, ndipo alamu zambiri za mtundu uwu zimaumva mpweya umenewu n'kulira. Wina anganene kuti inalira pachabe. Ine sindikutero, chifukwa batire yotero pansi pa mpando wa ana ndi ngozi payokha.

Zodandaulitsa zilipo. Kanyale kake kamathwanima usiku wonse, ndipo m'vani yamdima kamasowetsa tulo kwa munthu wovuta kugona. Kupeza pokhomera n'kovutanso: pafupi kwambiri ndi chitofu nthunzi imaivutitsa, m'kabati kapena kuseri kwa katani mpweya suifika, pakhomo mphepo imainamiza. Yathu ili pakhoma, molingana ndi mitu yathu tikagona. Batani loyesera nalo lisakupusitseni. Pa alamu zambiri limangotsimikizira kuti batire ndi kulira zili bwino, osati kuti kachipangizo komva mpweya kakadali ndi mphamvu. Kameneka kamatha pakadutsa zaka 7 mpaka 10, ndipo deti lake limalembedwa pa alamu pomwepo. Dziwaninso kuti gasi wophikira akamadontha alamu iyi siimumva. Propane ndi butane amalemera kuposa mpweya wamba, amatsikira pansi, choncho amafuna alamu yakeyake yoikidwa m'munsi ndi zibowo za pansi zosatsekedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa mtima ndikamacheza ndi abale omwe ayamba maulendo oterewa kuno. Tonse tinakula tikumva za mabanja amene analowetsa mbaula m'nyumba mu Juni, kukacha osadzuka. Kuno ku Britain anthu afanso chimodzimodzi polowetsa chowotchera nyama m'tenti kuti awothe. Makala ooneka ngati azima amatulutsabe carbon monoxide kwa maola ambiri, ndipo mpweyawu umakakamira ku magazi kuposa oxygen kopitirira ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, n'kumaganiza kuti ndi chimfine, koma thupi silitentha. Akakhala m'tulo samva chilichonse. Kukhala ndi alamu si chilolezo cholowetsa makala mkati, ngakhale pakhomo penipeni.

Ikalira, tulutsani aliyense kaye, zimitsani gasi ngati mungathe mosachedwa, ndipo wina akakhala kuti sakupeza bwino imbani 999, nambala ya zangozi. Ife tapangana kale ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register (kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka kuno), wodziwa za gasi wa m'makalavani, kuti adzaone chitofu ndi mapaipi tisananyamuke ulendo wa ku Cornwall mu Meyi.