Kugawa maploti kapena kusiya bwalo la mitengo, chabwino nchiti ku Mulanje?

Kuno malo ndi ochepa, gawo lalikulu ndi minda ya tiyi ndi phiri, ndiye kadambo kapena kabwalo kakangotsala pafupi ndi Chitakale kaya Limbuli anthu amagawikana. Ena amati tidule maploti timange mashopu ndi nyumba za lendi, ena amati ayi pakhale bwalo, tidzalepo mibawa ndi mango.

Pa ndalama: maploti amabweza msanga, khonsolo imatolera msonkho, landilodi amalandira lendi mwezi ndi mwezi.
Bwalo m'thumba mulibemo kanthu, komanso limafuna wotchetcha udzu ndi wotchingira mbande kuti mbuzi zisamalize.

Pa madzi ndiye pagona nkhani. Mvula ya kuno ndi yambiri ndipo madzi otsika m'phirimu amabwera ndi liwiro, tonse tinaona nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Pa udzu ndi mitengo madzi amalowa pansi pang'onopang'ono, koma pa simenti ndi malata amangothamangira mu ngalande, ngalandeyo ikatsekeka ndi majumbo amakalowa m'nyumba za anthu akumunsi, ndiponso nyumba yomanga pa dambo simachedwa kung'aluka khoma.

Pa kusintha maganizo: bwalo mutha kudzamangapo mtsogolo.
Ploti mukamangapo basi, ana aiwale zampira.

Maploti akuyenera wa bizinesi amene wapeza malo okwera, ouma, m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza. Koma okhala m'mphepete mwa mitsinje ya Ruo ndi Likhubula ndi m'madambo, ine ndikuti chonde pasiyeni pakhale mitengo.