Thewera la thumba limathandiza usiku, koma zimadalira nsalu yoikamo

Matewera ochapa okhala ndi thumba lolowetsamo nsalu yomwa mkodzo ndi abwino kuposa thewera la thawulo lomanga ndi phini, chifukwa kunja kwake sikulowa madzi ndipo mabatani ake amalola kuti muzilikulitsa mwana akamakula.

Vuto lili pa nsalu ya microfibre (ya tiulusi tating'onoting'ono topangidwa kufakitale) imene ambiri amagulitsira limodzi ndi matewerawa. Imamwa msanga, koma mwana akaigonera nthawi yaitali imafinyika, mkodzo n'kutulukira m'ntchafu, moti pofika m'bandakucha zofunda zanyowa. Komanso siyenera kukhudza khungu, chifukwa imaliumitsa. Chimene chandithandiza ndi kuika nsalu yopangidwa ndi ulusi wa nsungwi kapena thewera la thonje lopinda katatu pansi pa microfibre, kuti yapamwambayo izilandira mkodzo mofulumira pamene yapansiyo ikuusunga mpaka kucha.

Nsalu ya nsungwi imachedwa kuuma, makamaka nthawi ya mvula, choncho gulani zingapo zosinthanitsa. Pochapa tsukuluzani bwino, pakuti sopo wotsalira amachepetsa mphamvu yomwera, ndipo mukamuveka mwana onetsetsani kuti lasitiki ya m'ntchafu yagwira popanda kumusiyira mizere yofiira.