.308 Winchester ndi mitu yamkuwa: mmene yandichitira nyengo yonse yosaka agwape ku Suffolk

Chaka chatha, nditagulitsa mfuti yanga ya .243 Winchester n'kugula ya .308 Winchester (manambalawa ndi kukula kwa chipolopolo m'mimba mwake, m'mainchi), ndinalemba mwachidule zifukwa zanga. Zinali ziwiri. Mlimi amene ndimamuthandiza kuchepetsa agwape kuno ku Suffolk, kum'mawa kwa England, anali atatopa ndi agwape akuluakulu a mtundu wa fallow omwe amamudyera tirigu ndi kumusenda timitengo tongobzala kumene. Komanso wogula nyama amene timamuperekera anatiuza kuti sadzalandiranso gwape wophedwa ndi chipolopolo chamtovu. Anzanga angapo ananditsutsa, amvekere .308 ndi yaikulu mopyola muyeso pa agwape a ku England. Nyengo yosaka agwape aakazi inatsekedwa pa 31 Marichi, ndiye tsopano ndingathe kunena zimene ndaona m'tchire ndiponso pa nyama ndikamasenda.

Kwa inu amene simunasakepo kuno, vuto limayambira pa misinkhu. Ku Britain kuli mitundu 6 ya agwape a m'tchire. Muntjac, amene kwawo ndi ku China ndipo anafalikira kuchokera m'mapaki monga la Woburn ku Bedfordshire, amalemera makilogalamu 10 mpaka 18 basi, ngati mbuzi yosakhwima. Roe amaposa pamenepo pang'ono. Fallow wamphongo amatha kupyola makilogalamu 80, ndipo red wamphongo amapitirira 100 kutali. Pa famu imodzimodziyo, m'mawa umodzi, ungakumane ndi muntjac pa mtunda wa mayadi 40 m'zitsamba, kenako fallow kutsidya kwa munda. Laisensi ya mfuti imene apolisi amapereka imatchula kukula kwa mfuti iliyonse, ndipo iliyonse umayenera kuifotokozera chifukwa chomveka. N'chifukwa chake ambiri a ife timakhala ndi mfuti imodzi yoti igwire zonsezi.

Yanga ndi Tikka T3x yopangidwa ku Finland, mpope wake mainchi 20, kutsogolo kuli chochepetsa phokoso. Ndimaikamo zipolopolo za mutu wamkuwa wokhawokha wolemera ma grain 130 (mutu ndi kachitsulo kamene kamauluka kukalasa nyama). Grain 100 ndi pafupifupi magalamu 6.5, ndiye mutha kuona kuti tikukamba za kanthu kakang'ono ndithu.

Chimene chinandichotsa pa .243 ndi masamu, ndipo masamuwo ndikuwavomereza kwambiri lero kuposa tsiku limene ndinkagula. Lamulo la Deer Act 1991 la ku England ndi Wales limati mfuti yophera gwape isachepere mainchi .240 m'mimba mwake, ndipo mphamvu ya chipolopolo potuluka isachepere 1,700 ft-lb. Muntjac ndi Chinese water deer okha ndi amene amaloledwa ndi mfuti zazing'ono za .220. Ku Scotland agwape aakulu amafuna 1,750 ft-lb ndi liwiro losachepera mafiti 2,450 pa sekondi. Kale ankafunanso mutu wosachepera ma grain 100, koma mu 2023 anatsitsa kufika pa 80 pofuna kupereka mpata ku mitu yopanda mtovu. Tsono tengani mutu wamkuwa wa ma grain 80 mu .243. Kuti ukwane 1,700 ft-lb uyenera kutuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 3,093 pa sekondi, ndipo kuti ukwane 1,750 uyenera kufika 3,138. Liwiro lolembedwa pa bokosi amaliyeza ndi mpope wautali, kawirikawiri wa mainchi 24. Ife kuno timadula mipope kuti mfuti isatalike tikaika chochepetsa phokoso, ndipo inchi iliyonse yodulidwa imadya liwiro. Munthu wa .243 ya mpope waufupi angapezeke ali pamalire penipeni a lamulo iye osadziwa, makamaka m'mawa wozizira wa Januwale pamene wonga suyaka mwamphamvu ngati m'chilimwe.

Mungafunse kuti bwanji osangotenga mutu wamkuwa wolemerapo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mkuwa ndi wopepuka kuyerekeza ndi mtovu, choncho kuti mutu wamkuwa ulemere mofanana ndi wamtovu umayenera kutalika. Mutu wautali umafuna kuzungulira mofulumira kuti usagwedezeke uli m'mwamba, ndipo chimene chimauzungulitsa ndi mizere yopotoka ya m'kati mwa mpope. Mfuti zambiri za .243 zinapangidwa kuti mutu uzizungulira kamodzi pa mainchi 10 alionse. Izi zinali zokwana pa mitu yamtovu kuyambira 1955 pamene kampani ya Winchester inatulutsa chipolopolochi, koma mutu wamkuwa wa ma grain 100 nthawi zambiri sukhazikika m'mpope wotere. Umafika pa pepala utapendekeka, nthawi zina chammbali. .243 ndi mwana wa .308, chigoba chake n'chomwecho chongochepetsa khosi, koma pa nkhani ya mkuwa kholo lili ndi malo ambiri otakasukira. Mutu wanga wa ma grain 130 ndi waufupi pa mfuti ya .30, umakhazikika popanda vuto, ndipo makina oyezera liwiro a ku kalabu yathu amandipatsa mafiti pafupifupi 2,900 pa sekondi. Imeneyo ndi mphamvu yoposa 2,400 ft-lb. Za malire a lamulo sindiziganiziranso.

Pa fallow, amene ndi chifukwa chenicheni chogulira mfutiyi, ndakhutira. Mutu wamkuwa suphwanyika. Umatseguka kutsogolo ngati duwa n'kupitirira wathunthu, ndipo pa agwape onse a nyengo ino unatulukira mbali inayo. Bala lotulukira ndi lofunika kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa ndi limene limasiya magazi pa udzu oti uwatsatire gwape akathamangira m'nkhalango kukuda. Ndi .243 yamtovu mutu unkatha kusweka paphewa la fallow wamkulu osatuluka, magazi n'kutsalira m'kati, ine n'kudalira galu yekha.

Koma pali chinthu chimene aliyense wosintha kupita ku mkuwa ayenera kuchiyembekezera, ndipo sichisangalatsa poyamba. Gwape woomberedwa kuseri kwa phewa, pa mapapo penipeni, amathamanga mtunda wotalikirapo kuposa mmene ankachitira ndi mutu wamtovu. Mtovu umamwaza tizidutswa m'chifuwa monse ndipo nyama imagwa msanga. Mkuwa umaboola njira imodzi yoongoka. Gwapeyo wafa kale, koma miyendo imamutengabe mayadi makumi angapo. Alenje akale a kuno anandilangiza kusunthira kutsogolo pang'ono, kutsata mzere wa mwendo wakutsogolo n'kuloza cha pakati pa chifuwa, kuti mutu ugunde fupa n'kudutsa pamwamba pa mtima. Kuyambira Novembala ndakhala ndikuchita zimenezo ndipo ambiri amagwa pomwepo kapena patsogolo pang'ono. Ndimataya kanyama pang'ono paphewa, koma ndi bwino kutaya kameneko kusiyana ndi kulola nyama kuvutika kapena kuisowa mu mdima.

Anzanga aja ankaopa kuti .308 idzang'amba muntjac ndi roe n'kutsala zosagulitsika. Zimene ndaona n'zosiyana. Chimene chimawononga nyama kwambiri ndi liwiro lalikulu pamodzi ndi mutu wofewa umene umasweka. .243 ya mutu wopepuka wamtovu inkandisiyira magazi oundana pansi pa chikopa kuyambira paphewa mpaka m'nthiti. Ndi mkuwa wa .308 ndimapeza bowo lolowera laling'ono, lotulukira lokulirapo, ndipo nyama yozungulira ndi yoyera moti umadula pafupi ndi bala. Pa muntjac ndimapewa phewa chifukwa mafupa ake ndi osalimba ndipo akasweka amawononga mbali yonse. Ndipo pophika sindidanso nkhawa ndi tizidutswa ta mtovu tosaoneka ndi maso. Nyamayi imadyedwa ndi ana kunyumba kwanga, ndiye nkhani imeneyi sindiitenga mopepuka.

Chimene chawonjezeka ndi udindo wa kuseri kwa nyama. Mutu umene wadutsa m'kagwape ka makilogalamu 12 umatuluka uli ndi mphamvu zambiri, uli wathunthu, ndipo ungathe kunjanja pa nthaka youma kapena pa mwala. Suffolk ndi dera lathyathyathya, lodzaza ndi misewu, midzi ndi tinjira ta anthu oyenda pansi ndi agalu awo. Nyengo ino ndaombera kwambiri ndili pa mpando wokwera wotsamira mtengo, kuti chipolopolo chizilowa pansi motsetsereka. Agwape ambiri ndawasiya apite chifukwa kumbuyo kwawo kunali mpanda wa zitsamba chabe wopanda dothi lotchinga. Amene sangapirire kusiya nyama ikupita asagule mfuti iliyonse, kaya ya .243 kaya ya .308.

M'nyengo yozizira ndinapita ku mapiri a ku Scotland kukasaka red aakazi ndi mlenje wa pa esiteti ina. Kumeneko mitunda ndi yotalikirapo ndipo mphepo siileka. Apa ndi pamene mutu wanga unaonetsa malire ake. Mutu waufupi wa ma grain 130 umataya liwiro msanga ndipo mphepo imaukankha kuposa mitu yaitali yowonda. Mkuwa umafunanso liwiro kuti utseguke bwino. Likatsika kuyandikira mafiti 2,000 pa sekondi umangoboola ngati msomali. Mpaka mayadi 200 ndilibe nkhawa, ndipo ndinadziikira malire pamenepo. Mlenje uja ananyamula .270 Winchester, chipolopolo cha mu 1925 chimene anthu a m'mapiri amachikondabe chifukwa chimayenda mowongoka patali. Ndikanakhala kuti ndimakhala kumeneko, mwina ndikanasankha chimenecho. Kwa ine amene ndimapitako mwa apo ndi apo, kukwawa pang'ono kuti ndiyandikire n'kokwanira.

Za kukankha paphewa sindikhalitsapo. Inde, .308 imakankha kuposa .243, koma ndi mutu wopepuka komanso chochepetsa phokoso, kusiyanako sikunandisokoneze. Chokhacho n'chakuti ndi .243 ndinkaona m'sikopu (galasi lolozera la pamwamba pa mfuti) mmene gwape wachitira chipolopolo chitamupeza, pamene ndi .308 mfuti imadumpha pang'ono ndipo nthawi zina chithunzicho chimandisowa. Kumeneko ndi kutaya kwenikweni, chifukwa kadumphidwe ka nyama kamakuuza pamene yalasidwa.

Mtengo ndiye umawawa. Bokosi la zipolopolo 20 zamkuwa ndi lodula kwambiri kuposa lamtovu, ndipo si mtundu uliwonse umene mfuti yako idzaukonde. Mtundu woyamba umene ndinayesa unkamwazikana pa pepala, wachiwiri unkagwera malo amodzi, mfuti yomweyo, munthu yemweyo. Ubwino wa .308 ndi wakuti yakhalapo kuyambira 1952, ndi m'bale wa 7.62×51 ya asilikali a NATO, ndipo sitolo iliyonse ya mfuti imakhala ndi mitundu ingapo yoti usankhepo, kuphatikizapo zotsika mtengo zoyeserera. Koma dziwani kuti zoyeserera sizigwa pamalo amodzi ndi zamkuwa. Ndikachoka ku kalabu ndimatsuka mpope bwinobwino, kenako n'kuombera zamkuwa zingapo pa mayadi 100 ndisanalowe m'tchire. Mpope wa .308 umakhalitsanso kuposa wa .243, chifukwa .243 imawotcha wonga wochuluka chimodzimodzi kudzera pa khosi lopapatiza.

Mnzanga amene timasaka naye pa famu yomweyi ali ndi 6.5 Creedmoor, imene kampani ya Hornady inatulutsa mu 2007. Ndiyenera kunena chilungamo: ndi yabwino kwambiri. Mipope yake imazungulitsa mutu kamodzi pa mainchi 8, ndiye mitu yaitali yamkuwa imakhazikika popanda kudandaula. Imakankha pang'ono kuposa yanga ndipo mphepo siivutitsa kwambiri. Pa fallow amene tapha limodzi, mutaika nyama ziwiri pambali simungadziwe kuti uyu waphedwa ndi iti. Munthu wochepa thupi kapena woyamba kumene ndingamulozere ku 6.5 mosakayika. Ine ndinakhala pa .308 chifukwa cha bowo lokulirapo lotulukira ndi kupezeka kwa zipolopolo, ndipo nyengo yonseyi sinandipatse chifukwa chosinthira.

Kwa amene muli ndi .243 kale ndipo mumasaka roe ndi muntjac okha, musathamangire kugulitsa. Yesani mutu wamkuwa wa ma grain 80 kapena 85, muone ngati ukukhazikika, ndipo chofunika koposa, yezani liwiro lake ndi makina pa mfuti yanuyo m'malo mokhulupirira bokosi. Mu Julayi 2025 boma la Britain linalengeza kuti zipolopolo zamtovu ziletsedwa pakapita zaka zitatu zokonzekera, ndipo mfuti zambiri zophera agwape zili m'gululi, choncho funso limeneli lifika pakhomo pa aliyense. Amene mukupempha laisensi koyamba, mutatha maphunziro oyamba a kasakidwe ka agwape otchedwa DSC1, yambani ndi kufunsa kuti gwape wamkulu kwambiri pa malo anu ndi uti, kenako muone mutu wamkuwa umene ungamugwetse, ndipo pomaliza musankhe mfuti imene ingaukhazike mutuwo. Kusintha kukula kwa mfuti pambuyo pake kumafuna kubwerera kwa apolisi kukapempha kuti asinthe laisensi, ndipo m'madera ena yankho limatenga miyezi.